Dokotala wa Waya ndi Mwendo wa Ababa

Ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere, popanda wogenda mnzake. Ndinapitako kukaphunzira zojambula anthu m'kati, za ekisireyi zija, ndipo patatha chaka ndi kanthu akuluakulu a kumeneko anakhala pansi n'kuona kuti mafupa a Amalawi adzasungika bwino ngati ine nditabwerera kwathu ku Thyolo. Sindinawatsutse. M'chikwama ndinabwera ndi gauni yoyera imodzi, komanso chiganizo chimodzi chimene ndimachitchula mwaukatswiri mpaka lero: "Kokani mpweya, musatulutse." Chiganizo chotsatira, chouza munthu kuti apume tsopano, tinali tisanafikepo.

Koma pa laini ya nyumba za esiteti pamene ndinakulira, munthu amene anagonako ku koleji ndi dokotala basi. Azimayi ankandibweretsera mabotolo a mankhwala kuti ndiwaonere. Ine ndinkawerenga chamumtima, kugwedeza mutu pang'onopang'ono, kenako n'kuwalangiza kuti amwe monga anawauzira ku dispensale. Palibe amene anafa.

Ababa ndi amene ulemu umenewu ankaupereka mopyola muyezo. Ankanditchula kuti a Pulofesa. "A Pulofesa, mukamaliza kuganiza mukatunge madzi." Iwo anali kapitawo wa gulu la othyola tiyi, ndipo ntchito ya kapitawo ndi miyendo ndi pakamwa. Ankatsika chigwa, kukwera mtunda wa kuseri kwa fakitale, kudutsa m'mizere tiyi akuwalekeza m'chiuno, uku akupisa dzanja m'madengu a anthu kuona ngati wina wabisa masamba okhwima pansi. Ndili mwana ndinkawazindikira akadali kutali ndi mayendedwe okha. Ankayenda ngati munthu amene wangokumbukira kuti sanamange mbuzi.

Chaka chimenecho, m'nyengo yotentha, anayamba kuima. Ankafika pakati pa mtunda n'kuwerama pa tiyi ngati aona kachilombo pa tsamba. Akakaona mokwanira ankapitiriza, kenako n'kupezanso kena patsogolo pang'ono. Anthu a m'gulu lawo ankati akapitawo akhwimitsa ntchito. Amayi ndi amene anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Iwe, phazi la abambo akowa likuzizira ngati mwala wa kumtsinje. Kachala kamodzi kadanso."

"Eni ake akuti chiyani?"

"Akuti ndi jombo."

Matenda a shuga anali nawo kale, ndipo ankakhala nawo monga ankakhalira ndi bwana wa fakitale: kuvomera zonse pamaso, kenako kukachita zawo.

Tinapita nawo kuchipatala cha pa boma. Dokotala anagwira kuseri kwa bondo, pa kakolo, pamwamba pa phazi, akufunafuna pamene magazi akugunda. Kumanja anapeza. Kumanzere anafufuza ngati munthu wokumba mbewa ku una wopanda mwini. Anati mitsempha yatsekeka, magazi sakutsika mokwanira, ndipo zikapitirira mwendowo udzayenera kudulidwa, mwina pamwamba pa bondo.

"Mudula msinkhu wanji?" anafunsa ababa. "Ife tiyi timamudulira m'mawondo, mvula ikagwa amaphuka."

"Uwu suphuka, bambo."

Anaseka ababa okha. Kenako dokotalayo anati alipo madokotala ena, ochepa kwambiri, amene sang'amba munthu. Amaboola kabowo m'mphechepeche, kulowetsa waya woonda mumtsempha, kumuyendetsa akuyang'ana pa sikirini ya ekisireyi, n'kutsegula pamene patsekeka. Dzina lawo ndi interventional radiologist. Iye sankadziwa amene ali pafupi, koma anati ndifufuze msanga.

Dzinalo ndinalizindikira. Linali kumapeto kwa buku lathu la ku koleji, kumasamba oyera aja amene chala changa sichinawadetse. Ababa anayesa kulitchula, lilime lawo la Chilomwe n'kukana katundu. Anadula nkhani: "Ndi pulambala ameneyo, wotsegula mapaipi. Mumupeze pulambalayo, a Pulofesa. Ya ku koleji ija ioneke."

Tinakwera minibasi kubwerera kwathu. Tonse tinkadziwa kuti mwendo ukapita ntchito yapita, ndipo nyumba ya pa laini ndi ya ntchito, si ya munthu.

Kufufuzako ndinkachitira pa thanki ya madzi kumtunda kwa laini, pamene netiweki imafika ikagwidwa chisoni. Ndinkalemba dzina lalitalilo mu foni n'kudikira mwaulemu. Zinkatuluka zipatala za kutsidya kwa nyanja, za maluwa pakhomo, ndi madokotala a mano oyera atapinda manja pachifuwa. Aliyense anali katswiri woposa anzake onse. Ndinalembera chimodzi, ndipo ndisanatsike pa thanki bambo wina anandiimbira. Sanali dokotala, anali wothandiza odwala kupeza dokotala, ndipo tisanapatsane moni mokwanira anali atandisandutsa kale m'bale wake. Anati tingobwera, mwendowo ndi nkhani yaing'ono. Ndinamufunsa ngati akufuna kudziwa kuti ndi mwendo uti. Anati uliwonse.

Atsibweni atamva nkhaniyi anatilozera kwa munthu wina ku Limbe, mwini makina ogwira m'manja amene amatchula matenda onse a m'thupi. Ndinapitako ndekha kukaona kaye. Ndinagwira chitsulocho, makina analira, ndipo anapeza kuti ine, mwana wamwamuna, ndili ndi vuto la chiberekero. Ndinathokoza n'kutuluka ndikuyenda mosamala.

Linatsala khomo limodzi limene ndinkalizemba. Ku koleji ndinali ndi mnzanga, mtsikana amene tinkakhala benchi imodzi. Iye anamaliza, ndipo anali kujambula anthu pa chipatala china ku Blantyre. Chisiyanirane sindinamuimbirepo, poti munthu amene watsika basi panjira safuna kumva za kumene inakafika. Tsiku limenelo ndinamuimbira. Kumbuyo kwa mawu ake ndinamva chitseko cholemera cha chipinda cha ekisireyi chikutsekeka, ndipo kwa kanthawi ndinali ndili m'makonde aja, m'fungo la sopo wa m'chipatala, buku lili kukhwapa, ndikuganiza kuti moyo wanga wayamba.

"Ukadali ndi moyo, iwe?" anatero.

"Akuti ndili ndi vuto la chiberekero, koma ndikulimba."

Ataseka ndinamufotokozera za ababa. Anasiya kuseka.

"Tamvera. Usafunse munthu ngati angathe. Pa foni aliyense amatha. Uone ngati ayamba wafunsa zithunzi asanalonjeze kanthu. Umufunse ngati miyendo yotere amaigwira kawirikawiri, ndiponso waya akakana achita chiyani. Umufunsenso kuti iye akachoka, azidzawaona abambowo ndani. Amene akwiye ndi mafunso amenewa, umusiye pomwepo."

Anandiuzanso za dokotala wina, mayi wa konkuno wogwira ntchito kunja, amene amabwera nthawi ndi nthawi kudzathandiza pa chipatala chawocho, mawaya ake ali mu sutikesi pamodzi ndi zovala. Anali kubwera mu Disembala. Anati tijambulitsiretu mitsempha ya mwendowo, ndipo sikani imeneyo inadya mbuzi ya amayi imene inkasungidwa kumudzi.

Dokotalayo anali wamfupi, wosafanana ndi a mu foni aja. Manja sanapinde. Anayang'ana zithunzi nthawi yaitali, kenako anagwada pansi n'kuwavula ababa jombo ndi sokosi yekha. Ababa anayang'ana kudenga.

Ndinafunsa mafunso anga mwadongosolo, ndi mawu a munthu amene ali ndi gauni kunyumba. Anayankha onse osakwiya. Anati miyendo yotere amaigwira kawirikawiri, ina imapulumuka, ina ayi. M'ntchafu munali potsekeka pamene ankakhulupirira kuti atsegula, koma kumunsi timitsempha tinatsala ting'onoting'ono, ndipo mwezi uliwonse tinali kucheperachepera. Waya akakana adzatiuza tsiku lomwelo. Iye akachoka, ababa azidzaonedwa ndi madokotala a pomwepo, ndipo mmodzi anamuitana kuti timuone nkhope.

"Ndiye mukundilonjeza chiyani, mayi?" anafunsa ababa.

"Kuyesa. Ine si mneneri, bambo."

"Aneneri tili nawo okwanira kwathu."

Titatuluka ababa anandiuza kuti ameneyo ndi yemweyo, ndisakwerenso pa thanki. Ndinawafunsa chifukwa chake, poti ndine munthu wa sayansi. Anati munthu amene wagwira phazi lija osakwinya mphuno alibe chifukwa chowanamizira.

Tsiku linaikidwa la mu Febuluwale, pamene dokotalayo adzabwerenso ndi waya woyenera. Ababa atamva mweziwo anafunsa mofatsa ngati sizingatheke sizoni yothyola tiyi ikatha.

"Mwendowu za sizoni sukuzidziwa," anatero dokotala. "Chonde, Febuluwale."

"Chabwino, mayi," anatero ababa, chipewa atachigwirira pachifuwa.

Dokotala anamva kuti avomera. Nanenso ndinafuna kumva choncho.

Pa esiteti, mvula ikagwa tiyi n'kuyamba kuphuka, moyo wonse umatsamizidwa pakhoma ngati njinga. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo sipakhala ukwati, sipakhala kumanga chiliza, sipakhala zokaona achibale ku Mozambique. Milandu ya m'banja imasungidwa. Dzino lobooka limauzidwa kuti lidikire. Tiyi ukamudumphitsa raundi imodzi yothyola amakhwima, fakitale n'kumukana, ndipo chimene munthu wapeza m'miyezi imeneyi ndi chimene adye chaka chonse. Ababa ndi amayi anakwatirana mu Julayi. Ine ndinabadwa mu Ogasiti, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene ababa anandiyamikirapo pagulu. Lamulo limeneli palibe amene analilemba, n'chifukwa chake palibenso wolifafaniza. Munthu wodwala mu Febuluwale amayang'anidwa ngati amene wayetsemula pakati pa pemphero.

Tsiku lopita kwa dokotala lija m'mawa ndinapeza malaya awo a kutchalitchi ali pampando, ositasita bwino. Eni ake kunalibe. Jombo kunalibenso.

"Apita kukaona gulu kaye, akuti abwera," anatero amayi, maso ali pa tsache.

"Ndiye inu munangowasiya?"

"Ndikanawagwira ndi chiyani? Amayi awo enieni atamwalira mu Januwale, anakaika maliro m'mawa, masana anali m'munda."

Mvula inali itagwa masiku otsatizana, kenako dzuwa, ndipo tiyi anali atatulutsa nsonga zanthete paliponse, zobiriwira mopweteka maso. Ndinawapeza kumtunda kwa fakitale atatsamira mtengo, mwendo wakumanzere ataunyamula pang'ono ngati kakowa. Kumunsi kwawo anthu anali kuthyola, madengu kumsana, manja akuthamanga.

"Ababa, minibasi."

"A Pulofesa, taonani tsambali. Munaliona tsamba lotere chaka chatha?"

"Dokotala akudikira."

"Dokotala ndi munthu, amamva. Uyu samva." Analoza tiyi ndi chibwano. "Ndikachoka lero ndibwera liti? Apa aikapo mnyamata uja wa ku sikelo. Anthu angawa aziwapatsa minda yotsetsereka yokhayokha, ndipo ine pobwera ndipeza malo ali ndi mwini."

"Mwendo ukapita malowo apitanso."

"Wapirira kuyambira Okutobala. Miyezi yatsalayi ingaukanike? Mukawauze amayi a waya aja kuti ndapepesa. Sizoni ikatha ndidzayamba ndine kufika pachipata."

Ndinalankhula Chingerezi. Ndinatchula mitsempha ndi maina ake amene ndinkawakumbukira, ndi ena amene ndinapeka pomwepo. Anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anakuwira mayi wina kumunsi kuti asiye kuthyola ngati akuthyola nkhwani. Azimayi a m'gulumo anandiuza kuti ndisawavutitse akapitawo, sizoni ikatha apita. Sankaseka ayi. Aliyense wa iwo anali ndi kanthu kake m'thupi kamene kanali kudikira Meyi.

Ndinaimbira mnzanga uja. Anapereka foni kwa dokotala. Dokotala sanakalipe. Anati abweranso mu Juni. Anati tizitsuka bala la pachala, tisaikepo za m'mabotolo a pamsika, ndipo likayamba kununkha kapena thupi likatentha tithamangire pa boma osadikira iye.

Sizoni imeneyo inali yabwino kwambiri. Anthu amaikumbukirabe. Ababa anaimaliza ndi ndodo, jombo yakumanzere ataing'amba kutsogolo kuti zala zipume. Akaweruka ankakhala pakhonde mwendo atautsitsa pansi, poti akaukweza unkawawa kwambiri, n'kumang'ung'udza nyimbo za Chilomwe zimene ndinali ndisanawamvepo akuimba. Ine ndinkatsuka balalo nditavala gauni yanga ija kuti apeze choseka. Masiku ena ankaseka.

Mu Juni, chiperoni chitaphimba mapiri ndipo anyamata atayamba kudulira tiyi, tinapita. Lonjezo anasunga, pachipata tinali oyamba. Dokotala anagwadanso. Anamasula bandeji n'kuliyang'anitsitsa phazilo.

"Phazi lapita, bambo. Chimene ndingamenyere tsopano ndi bondo."

Anafotokoza kuti akatsegula mtsempha wa m'ntchafu magazi adzafika kumunsi kwa bondo, ndipo odula adzatha kudula m'munsi, bala n'kupola. Munthu amene watsala ndi bondo amayenda ndi mwendo wochita kupanga mosavuta kusiyana ndi amene alibe. Ababa anamvetsera, n'kunena kuti chabwino. Chabwino wa tsiku limenelo anali wina.

Mnzanga anandipemphera kuti ndiime kuseri kwa galasi. Ababa anali maso, atagona chagada pansi pa makina. Pa sikirini ndinaona mankhwala akuda akutsika m'ntchafu ngati mtsinje wa dzinja, n'kuima malo amodzi. Kenako waya, woonda ngati ulusi, akugogoda, kubwerera, kupindika, kugogodanso. Dokotala ankamupota ndi zala ziwiri, maso ali pa sikirini, uku akufunsa ababa kuti tsamba labwino amalidziwa bwanji. Ababa anayankha motalika, ndi zitsanzo. Mnzanga anali pa mabatani, akudziwa chochita asanauzidwe. Ndinayang'ana manja ake ndi mpando wake, anga n'kuwaika m'thumba. Waya atadutsa, dokotala anafufumitsa kabaluni m'katimo n'kuthiranso mankhwala. Mtsinje uja unatsika, kudutsa bondo, kupitirira pang'ono, n'kuthera m'timifuleni tosafika patali.

Madokotala ena anadula patapita masiku, m'munsi mwa bondo. Dokotala wa waya asanabwerere kwawo kuntchito anabwera ku wodi kudzatsanzika.

"Mayi, ndikanabwera mu Febuluwale, phazi likanatsala?"

"Ndikanaliyesa. Ngati likanatsala, sindikudziwa."

Ababa anagwedeza mutu. "Tsamba linali labwino chaka chino," anatero, ngati akupereka lipoti kwa bwana.

Yankho la dokotalayo ndimalitembenuza mpaka lero. Akanati inde, tikanalira n'kumaliza. Akanati ayi, tikanapeza tulo. Iye ananena zoona, chinthu chimene tinamusankhira, ndipo zoona zimenezo zilibe pogwira.

Bala linapola bwino. Nyumba ya pa laini tinaisiya, n'kusamukira kwa Changata, kwawo kwa amayi, kumene ababa anakakhala mkamwini watsopano ali ndi imvi. Kumeneko kulibe belu la fakitale, kulibe thirakitala yonyamula masamba, kulibe fungo lija la tiyi wouma limene linkalowa m'zovala zathu zonse ife osadziwa kuti ndi fungo. M'mawa amadzukabe nthawi yawo yakale, n'kukhala panja akuyang'ana chinangwa, mbewu yosafuna kapitawo. Chimene ndimachisowa kwambiri ndi kukalipa kwawo. Kwa Changata sakalipira munthu. Ndimayesa kuwaputa, kusiya khasu pamvula, kugona mpaka dzuwa kutentha, koma amangondiyang'ana mokoma mtima, ndipo zimenezi sindinazizolowere.

Chakumapeto kwa chaka tinapita ku Blantyre kukayezetsa mwendo wochita kupanga. Woyezayo anakulunga chotsala cha mwendo ndi pulasitala woyera, kenako ananena mopepesa kuti odikira ndi ambiri, wa ababa udzakhala wokonzeka mu Januwale, mvula ili pakati. Anafunsa ngati tidzathe kubwera nthawi imeneyo.

"Januwale ali bwino," anatero ababa. "Tsiku lililonse."

Pobwerera, titadutsa Bvumbwe, anandipempha kuti tisinthane malo akhale kuwindo. Kondakitala anadandaula, anthu anapatsirana ndodo zawo pamwamba pa mitu, tinasinthana. Mvula yoyamba inali itagwa. Anayang'ana panja mpaka tinafika pa munda wina wa m'mbali mwa msewu pamene gulu la anthu osawadziwa linali kuthyola.

"Achedwa raundi awa," anatero motsitsa.

Anatembenuza mutu kuwatsatira mpaka pamene khosi linakanira. Kenako anandifunsa ngati mapiritsi awo a shuga ndawatenga.